KODI NDANI ANAZULA CITSEKO CA AMAI AJA?

Acinyamata anzanga mwa Khristu, lero ndili ndi mlandu ndi inu, ndipo sindidzauzungulira.

Loweruka lina m'mwezi wa Januwale, mvula ili pakati, ndinaitanidwa mofulumira ku nyumba ya amai ena amasiye a m'cigawo cathu ca mpingo. Nditafika ndinapeza katundu wao yense ali pabwalo: matilesi onyowa, mbaula, mapoto, thumba la ufa lotsala theka, ndi mabuku a sukulu a mdzukulu wao atamwa madzi. Citseko cinali citazulidwa, ndipo malata awiri anali atacotsedwa pa denga. Amai amenewa anakhala m'zipinda ziwiri zimenezo zaka 19. Mwana wao wotsiriza anabadwira momwemo, ndipo maliro a amuna ao tinalirira pakhomo pomwepo. Ngakhale mtengo wa mango umene katunduyo anaunjikidwa pansi pake anabzala ndi iwo. Ngongole yao ya renti inali ya miyezi iwiri.

Koma cimene cinandilasa mtima koposa ndi ici: mwa anyamata anai amene anagwira nchito yozula citseko, awiri anali athu. Mmodzi amaimba besi m'kwaya yathu. Nditamuitanira pambali anandiyankha kuti, "Akulu, ife tinangotumidwa. Inali ganyu cabe." Mau amenewo ndiwo andicititsa kulemba. Ndikunena poyera kuti kutulutsa munthu m'nyumba mwa njira yotere ndi chimo pamaso pa Mulungu, ndiponso ndi kuphwanya lamulo la dziko. Wotuma ali ndi mlandu, wotumidwa nayenso ali nao.

Tiyeni tikumbutsane kumene tacokera. Pa nthawi ya atsamunda munthu wakuda sanali kuwerengedwa ngati mwini tauni. Anali mlendo wodzagwira nchito, ndipo nyumba inali kuyendera pamodzi ndi nchitoyo. Nchito ikatha, bweza makiyi, bwerera kumudzi. Agogo athu amene anagwira nchito ku migodi ya ku Copperbelt ndi mu Lusaka anacidziwa bwino cowawa cimeneci. Ngakhale ufulu utabwera mu 1964, mabanja ambiri ku Matero, ku Chilenje ndi kwina anapitiriza kukhala m'nyumba za khonsolo, caka ndi caka akulipira renti popanda ciyembekezo cakuti nyumbazo zidzakhala zao.

M'caka ca 1996 boma la President Frederick Chiluba linalamula kuti nyumba za makhonsolo ndi za boma zigulitsidwe kwa anthu amene anali kukhalamo. Zina zakale zinapita pa mtengo wa K10,000 ya ndalama za nthawi imeneyo, imene inasanduka K10 cabe ndalama zitasinthidwa mu 2013. Pamene migodi inali kugulitsidwa, ZCCM nayonso inagulitsa nyumba zake kwa anchito ake. Anthu amatsutsanabe ngati nzeru imeneyi inali yabwino, pakuti makhonsolo anataya ndalama za renti ndipo sanamangenso nyumba zokwanira. Ine sindilowa m'mkangano umenewo. Ndingofuna muone mfundo imene inali pansi pake: dziko linabvomereza kuti munthu amene wakhala m'nyumba zaka zambiri, nalereramo ana, naisamala, sali ngati wapaulendo amene wagona usiku umodzi. Zaka zake zili ndi kulemera.

Tsopano mvetserani bwino. Ambiri amene analandira cisomo cimeneco anamanga midadada kuseri kwa nyumba zao, nasanduka eni nyumba. Palibe colakwa pamenepo. Koma mwini nyumba amene anatulutsa amai aja ndi mmodzi wa iwo. Iye mwini anali wa renti, ndipo nyumba anaipeza cifukwa boma linawerengera zaka zimene anakhalamo. Lero zaka 19 za mai wamasiye sanaziwerengere ngakhale tsiku limodzi. Kodi simukukumbukira fanizo la Ambuye Yesu pa Mateyu 18, la kapolo amene mfumu inamukhululukira ngongole yaikuru, koma iye atangotuluka panja anakanyanga pakhosi mnzake wa ngongole yaing'ono? Fanizo limenelo likucitika m'makomboni mwathu, ndipo ocita ake ena amakhala pa mabenci a kutsogolo tsiku la Sande.

Mwina wina anena kuti, "Za Baibulo nzabwino, koma lamulo lili kumbali ya mwini nyumba." Iai, ndipo apa ndi pamene umbuli watipweteka. Dziko lathu lili ndi lamulo lochedwa Rent Act, la caka ca 1972, limene lili Caputala 206 m'malamulo a Zambia. Lamulo limeneli silipatsa mwini nyumba mphamvu yotulutsa munthu ndi manja ake. Ayenera kupita ku khoti, ndipo khoti ndilo limaweruza pa zifukwa zimene lamulo linachula, monga kusalipira renti, kusautsa anansi, kapena kuononga nyumba. Ngati mwini nyumba aifuna kuti akhalemo iye mwini kapena banja lake, lamulo limafuna cidziwitso ca miyezi 12. Ngakhale kugwira katundu wa munthu cifukwa ca ngongole ya renti kumafuna cilolezo ca khoti. Ndipo khoti likalamula kuti munthu atuluke, ocita nchitoyo ndi mabelifi a khoti, osati anyamata ongotoledwa pa msika. Motero kuzula citseko, kucotsa malata, kukhoma loko wina pamwamba pa loko wa munthu, kapena kutaya katundu pabwalo, zonsezi ndi kudzitengera lamulo m'manja. Amai aja anali ndi ngongole, inde, ndipo mwini nyumba akanatha kuwasumira. Sanatero cifukwa anadziwa kuti mai wamasiye wosadziwa Cingelezi sadzafunsa pepala la khoti.

Sindikunena kuti eni nyumba onse ndi ankhanza. Ambiri ndi makolo athu omwe. Ena anapuma pa nchito ndipo anadikira ndalama zao za penshoni zaka zambiri. Renti ya zipinda za kuseri ndiyo ufa wao, ndiyo mankhwala ao, ndiyo sukulu ya adzukulu. Ndikudziwanso kuti alipo anthu a renti osaona mtima, amene amadya ndalama ya nyumba, nasamuka usiku ndi wilibala kusiya ngongole ya madzi ndi magetsi. Mkhristu wocita zimenezi ndi wakuba, ndipo sindimuikira kumbuyo. Mwini nyumba ali ndi ufulu wolandira renti yake, ndiponso wotenga nyumba yake. Funso langa lili pa njira. Pali kukhala pansi ndi kukambirana. Pali kuitana akulu a mpingo kapena a cigawo. Pali kupatsana nthawi yolipira pang'ono pang'ono. Zonsezi zikakanika, pali khoti. Wodumpha njira zonsezi nathamangira cobo ndi hamala safuna cilungamo. Kawirikawiri afuna cipinda cikhale copanda munthu msanga cifukwa wina walonjeza ndalama yoposa.

Mau a Mulungu sanakhale cete pa nkhani ya pogona. Pa Eksodo 22 Mulungu analamula kuti wotenga copfunda ca mmphawi ngati cikole acibweze dzuwa lisanalowe, cifukwa munthuyo alibe cina cogonera. Taonani: ngongole inalipo ndithu, koma Mulungu sanalole kuti ngongole igoneke munthu pa mphepo. Mneneri Mika, pa caputala 2, anadzudzula anthu olanda minda ndi nyumba, ndipo anachula makamaka za kupitikitsa akazi m'nyumba zao. Yesaya pa caputala 5 anacenjeza olumikiza nyumba ndi nyumba kufikira ena atasowa malo. Ife timanyadira kuti pa 29 December 1991 Zambia inalengezedwa kukhala dziko la Cikhristu, ndipo mu 1996 mau amenewo analowa m'ciyambi ca malamulo akulu a dziko. Koma Cikhristu ca dziko sicionekera pa pepala. Cionekera pa zimene zimacitikira mai wamasiye amene wacedwa ndi renti miyezi iwiri.

Ndibwerere kwa inu anyamata a ganyu. Ndikudziwa ulova. Ndikudziwa kuti kudzuka m'mawa wopanda ngakhale ndalama ya sopo ndi cinthu cocititsa manyazi. Koma werengani nkhani ya Naboti pa 1 Mafumu 21. Ahabu anakhumba munda, Yezebeli analemba makalata, koma nchito yonyansa inagwiridwa ndi anthu wamba: amuna awiri amene anaikidwa kuti acite umboni wonama, ndi akulu a mudzi amene anamvera. Nawonso akanatha kunena kuti anangotumidwa. Popanda iwo Yezebeli akanatsala ndi makalata ake m'manja. Cimodzimodzi mwini nyumba wa zaka 70 sangakwere pa denga kukazula malata. Nkhanza yake imafuna msana wanu ndi manja anu. Mukakana inu, iye adzakakamizika kupita ku khoti kumene akanayambira. Ndipo musaiwale kuti ambiri a ife sitidzamanga nyumba msanga. Tikakwatira tidzayambira m'cipinda ca renti. Caona mnzako capita, mawa cili pa iwe.

Nafenso atsogoleri a mpingo tisadzilungamitse. Timalalikira kwambiri za mowa ndi za ciwerewere cifukwa ocimwa ake ndi acinyamata osauka amene sangatiyankhe. Koma za renti sitichulako, cifukwa eni nyumba ndiwo amapereka zambiri pa cigwirizano ca kumanga chalichi. Mwini nyumba uja anabwera Sande lotsatira, napereka copereka cake, ndipo palibe anamufunsa kanthu. Inenso ndinakhala cete tsiku limenelo, ndipo ndikucita nazo manyazi.

Nanga ticite ciani? Coyamba, gulu lililonse la acinyamata ligwirizane poyera kuti palibe membala wake amene adzagwira ganyu yotulutsa munthu m'nyumba. Wokutumani mufunseni pepala la khoti. Ngati lilipo, nchitoyo ndi ya mabelifi. Ngati palibe, nchitoyo ndi mlandu. Mbali zonse ziwiri si yanu.

Caciwiri, ife amene tinapita ku sukulu tithandize makolo ndi agogo a renti kusunga umboni. Pangano la nyumba lilembedwe, ngakhale pa pepala la m'kope, ndipo onse awiri asaine pamaso pa mboni. Ndalama iliyonse yolipidwa ikhale ndi lisiti. Ngati mwalipira pa foni, uthenga wake musaufafanize. Amai aja analipira zaka 19 pamanja, opanda ngakhale kapepala kamodzi kosonyeza kukhulupirika kwao.

Cacitatu, munthu akaopsezedwa, timuperekeze msanga katundu asanafike pabwalo. Bungwe la Legal Aid Board linakhazikitsidwa kuti lithandize anthu osatha kulipira loya, ndipo mu Lusaka mulinso National Legal Aid Clinic for Women imene imathandiza amai ndi ana. Ambiri amaopa maofesi. Mnyamata kapena mtsikana wowamasulira mau angasinthe nkhani yonse.

Cacinai, pa ndalama zimene timasonkha za mayunifomu a kwaya ndi maulendo, tipatulepo kathumba kothandiza wa m'cigawo amene wagwa ndi renti cifukwa ca matenda kapena maliro. Mutu umodzi susenza denga. Ngongole ya amai aja tikanaitha tikanaidziwa, ndipo sakanapita kwa a kaloba monga anacitira pambuyo pake.

Cacisanu, cimene ndi cobvuta koposa: ngati atate anu kapena amai anu ndiwo eni nyumba, lankhulani nao. Mwaulemu, mutakhala pansi monga mwana, koma lankhulani. Afunseni mmene anaipezera nyumbayo.

Amai aja anagona masabata atatu m'cipinda cophunziriramo Sande sukulu, kufikira tinawapezera kacipinda kamodzi ku komboni ina, kutali ndi msika umene amagulitsirapo ndiwo. Mdzukulu wao tsopano amayenda mtunda wautali kupita ku sukulu. Citseko cija cinabwezeredwa Lolemba lomwelo, ndipo munalowa munthu wina pa mtengo wokwera. Mwa anyamata athu awiri, mmodzi anabwera yekha kudzathandiza kunyamula katundu, napepesa atagwada. Winayo sandipatsanso moni, koma akali kuimba m'kwaya.

Pa msonkhano wanu wa sabata lino werengani Mika 2, ndipo mufunsane: m'cigawo cathu, ndani ali pafupi kutulutsidwa, ndipo tidzapita liti kukamuona? Ambuye atipatse mtima wokana ndalama ya misozi.