Ndani Anazima Maiki?

Mu June 2021, pa sukulu ya Eastern Regional High School ku Voorhees, m'cigawo ca New Jersey ku America, mnyamata wina dzina lake Bryce Dershem anaimirira kutsogolo kwa anzake atavala gauni. Ndiye anapambana onse pa magiredi caka cimeneco, ndipo mwambo wa kumeneko ni wakuti wopambana onse amakamba mawu otsanzikana pa graduation. Sanafike patali. Atangochula zakuti ali m'caka coyamba ca sekondale anaulula kuti ni queer, kapena kuti gay monga ambiri timakambira kuno, maiki inangoti zii. Sikunali load shedding. Ahedi anabwera, n'kucotsa pepala limene mnyamatayo anali kuwerenga, n'kumulozera lina limene sukulu inavomereza. Atamupatsa maiki ina, Dershem sanayang'aneko pepala la sukulu. Mawu ake anali atawaloweza pamtima, ndipo anawakamba mpaka kutsiriza, anzake akuomba m'manja.

Tidziwa zimene ambiri a ife tingakambe tikaona vidiyo yotere pa foni. Ahedi anacita bwino. Ni zausatana. Kuno sangayese n'komwe. Cabwino, koma musanatumize kwa anzanu na ka emoji koseka, mvetserani nkhani ina iyi.

Mu 2006, pa Foothill High School ku Henderson, m'cigawo ca Nevada, mtsikana wina, Brittany McComb, nayenso anapatsidwa mwayi wokamba pa graduation cifukwa ca magiredi ake. Akuluakulu a sukulu anafafaniza mbali zina za mawu ake. Iye atafika kutsogolo anakamba zimene anafafanizazo, ndipo anamuzimira maiki anthu onse akuona. Mlandu wake unali wokamba za Yesu Khristu na zimene anamucitira pa moyo wake. Caka comweco ku Colorado, Erica Corder wa pa Lewis-Palmer High School anakamba za Yesu pa masekondi ocepa amene anapatsidwa, ndipo sukulu inagwira satifiketi yake mpaka atalemba kalata yopepesa. Onse awiri anapita ku khoti. Onse awiri analuza mu 2009.

Manje tiuzeni. Ngati mtima wanu wawawa pa nkhani ya McComb, koma unakondwera pa nkhani ya Dershem, ndiye kuti ufulu wa kulankhula simuukonda. Mukonda cabe kumva mawu anu ali kucokera m'kamwa mwa munthu wina. Ndipo matenda amenewa alibe mbali. Pa nkhani ya McComb, nthambi ya ku Nevada ya bungwe la ACLU, limene limadziwika na kumenyera ufulu wa anthu, inaima na sukulu. Ambiri amene analira kuti mtsikana wa Cikhristu watsekedwa pakamwa ni amene amakhala cete mwana wa gay akatsekedwa pakamwa, ndipo ambiri amene anakalipa pa nkhani ya Dershem sanataye tulo cifukwa ca McComb. Aliyense afuna switchi ikhalepo, malinga ngati cala cili pamenepo ni ca mbali yake.

Koma cala cimene cili pa switchi si ca Cikhristu, si ca gay. Ni ca munthu wamantha. Ahedi saganiza za Levitiko kapena za ufulu wa anthu pa nthawi imene agwira waya. Aganiza za mafoni amene adzalira mu ofesi pa Mande, za makolo amene adzakalipa, za akuluakulu a maphunziro amene adzafunsa mafunso. Kumene aopa makhoti pa nkhani ya cipembedzo, adula wa Yesu. Kumene aopa makolo, adula wa gay. Cimene afuna ni mwambo wopanda fumbi, zithunzi zabwino, aliyense apite kwawo.

Sitibisa kuti malamulo a ku America nthawi zambiri amakhala ku mbali ya ahedi. N'zoona kuti mu 1969, pa mlandu wa Tinker, Khoti Yaikulu inaweruza kuti mwana wa sukulu sasiya ufulu wake wa kulankhula pa geti. Mlanduwo unali wa ana a ku Des Moines amene anawaimitsa sukulu cifukwa covala kansalu kakuda pa mkono posonyeza kukana nkhondo ya ku Vietnam. Koma mu 1986, pa mlandu wa Fraser, khoti inalola sukulu kulanga mnyamata amene anakamba nthabwala zaumve pa asembule. Ndipo mu 1988, pa mlandu wa Hazelwood, inalola ahedi kucotsa nkhani za mimba za atsikana na za kutha kwa maukwati mu nyuzipepa ya sukulu. Mfundo inali yakuti ngati mawu aoneka monga ni a sukulu, sukulu ingawadule pa zifukwa za maphunziro. Pa msewu umenewu m'pamene Corder anagwera. Conco inde, ahedi angakhale na mphamvu. Landilodi nayenso angakhale na pepala lomulola kukutulutsa m'nyumba pakati pa dzinja, koma pepalalo silimusandutsa munthu wabwino.

Otsutsa ali na mfundo imodzi imene ili na nyama, ndipo tiyenera kuiyankha. Amati tsiku la graduation si la munthu mmodzi. Ambuya abwera kucokera kutali, makolo akongola ndalama zogulira suti, ndiye mwana mmodzi asatenge tsiku la anthu mazana n'kulisandutsa lake. Timva. Koma kodi munamverako mawu a pa graduation? Onse ni a munthu mmodzi. Wina akamba za amayi ake amene anamwalira ali mu giredi 10. Wina akamba za atate ake amene anali kugwira nchito usiku kuti iye aphunzire. Wina akamba za matenda, wina za umphawi, wina za Mulungu. Timalira nawo, timati mwana uyu wakamba za mumtima. Palibe amene amaimirira n'kunena kuti maliro a amayi ako ni nkhani ya kunyumba, usatiwonongere tsiku. Lamulo lakuti usakambe zako limatulukira mwadzidzidzi pamene mwana wina afuna kukamba cinthu cimene cinamulemera kwambiri pa zaka zinayi za sekondale. Dershem sanakambe za ku bedi. Anakamba za kusungulumwa, za matenda okana cakudya amene anamugoneka pa cithandizo miyezi ingapo, na za mmene anapulumukira. Ngati munthu amva mawu akuti gay n'kuona bedi, vuto lili m'mutu mwa womvayo.

Ena amati anawa ni acinyengo: amapereka pepala lina kwa aphunzitsi, n'kukamba zina kutsogolo. Tiyeni tione cimene cinacitikira amene sanacite cinyengo. Mu 2015, Evan Young wa pa Twin Peaks Charter Academy ku Longmont, ku Colorado, anapereka mawu ake kwa ahedi tsiku lisanafike, poyera, mbali yoululamo kuti ni gay ili momwemo. Anavomera kusintha zina koma anakana kucotsa mbali imeneyo. Sukulu inamuletsa kukamba. Ndipo ahedi anaimbira foni atate ake n'kuwauza za m'pepalalo, mnyamatayo asanawauze yekha makolo ake. Imani kaye pamenepa. Munthu wamkulu, wolipidwa kuti asamalire ana, anaona kuti nkhaniyi ni yolemera kwambiri kuti mwini wake aikambe pa gulu, koma ni yopepuka kuti iye aitaye pa foni. Mwamwayi makolo a Young anaima na mwana wawo. Si nyumba zonse zili conco, ndipo ahedi analibe njira yodziwira kuti foni imeneyo idzagwera m'nyumba yotani. Mwana wa giredi yotsatira amene anaona zonsezi anaphunzira kuti kukhulupirika kwa aphunzitsi kumalipidwa motani.

Young anadzakamba mawu ake pa TV, pa pulogalamu ya Larry Wilmore, kwa anthu oculuka kuposa amene akanakwana mu holo ya sukulu.

Pali malo ena kumene anangomulola mwana kukamba. Mu April 2019, pa Brigham Young University ku Utah, yunivesite ya chechi ya Mamormon imene ili na malamulo olimba pa khalidwe, Matt Easton anapereka mawu ake ku ofesi ya akuluakulu, iwo anavomereza, ndipo iye anauza gulu lonse kuti ni gay komanso ni mwana wa Mulungu. Anthu anaomba m'manja, ena mwina sanaombe, mwambo unapitirira, aliyense analandira digiri yake. Chechi sinasinthe ciphunzitso cake tsiku limenelo. Denga silinagwe. Amene anali kukhulupirira kuti ni chimo anatuluka akukhulupirirabe. Cinasintha n'cakuti anamva na makutu awo kuti munthu amene amakamba za iye m'maulaliki anali kukhala naye pa desiki imodzi, ndipo ndiye anawaposa pa mayeso.

Nkhani imene imatiseketsa na kutikwiyitsa nthawi imodzi ni ya Zander Moricz. Mu March 2022 bwanamkubwa wa Florida, Ron DeSantis, anasaina lamulo loletsa kuphunzitsa za nkhanizi m'makalasi a ana aang'ono, ndipo Moricz, amene anali pulezidenti wa kalasi yake pa Pine View School, anali mmodzi wa amene anakasuma ku khoti kutsutsa lamulolo. Iye anati ahedi anamucenjeza kuti akachula za nkhondo yakeyo pa graduation, maiki izima. Mu May anaimirira, anavula cisote, n'kuyamba kukamba za tsitsi lake lopotana: mmene anayesera kuliwongola, mmene linamuvutira m'cinyontho ca ku Florida, mmene aphunzitsi ena anamuthandizira kulilandira. Palibe m'gulumo amene anaganiza kuti akamba za tsitsi. Maiki sinazime. Ndiye sukulu inateteza ndani? Uthenga unafika wonse. Cimene sukulu inapindula ni kuphunzitsa mwana wanzeru kuti coonadi cimaloledwa pokhapo cavala cigoba.

Ife pa Zambia sitifunika kumasuliridwa za zining'a. Pilato ataimba za khoswe mu poto mu 2017, palibe anaganiza kuti akamba za makoswe a m'khichini, ndipo mwini nyimbo anathawira ku South Africa atalandira ziopsezo. Pa 12 August 2021, tsiku la masankho, WhatsApp na Facebook zinazima, ndipo dziko lonse linaphunzira VPN tsiku limodzi. Tinakalipa, ndipo tinali na cifukwa. Palibe anafunsa mnzake cipani cake asanamuonetse mocitira download. Tinadziwa kuti switchi ikazima, imazimira onse.

Sitikutuma munthu aliyense kuti akaimirire pa graduation kuno n'kucita zimene Dershem anacita. Ku America kugonana kwa amuna okhaokha kunaleka kukhala mlandu m'dziko lonse mu 2003. Kuno gawo 155 la Penal Code likali pomwepo, ndipo mu 2019 amuna awiri a ku Kapiri Mposhi anapatsidwa zaka 15 m'jele, asanakhululukidwe na pulezidenti Edgar Lungu mu 2020. Mwana wa kuno angataye zambiri kuposa maiki: nyumba, fizi, mano. Amene asankha kukhala cete sitimuimba mlandu.

Koma ngakhale kuno, kukamba si mlandu, ndipo si ife tanena, ni khoti. Mu April 2013, a Paul Kasonkomona anaonekera pa Muvi TV n'kunena kuti dziko liyenera kulemekeza ufulu wa amuna okonda amuna anzawo, makamaka polimbana na HIV. Apolisi anawagwira atangotuluka mu studio, n'kuwapatsa mlandu wonyengerera anthu kucita zaciwerewere pa malo a anthu onse, pansi pa gawo 178(g). Mu 2014 khoti ya majisitireti inawamasula. Boma linacita apilo, ndipo mu 2015 High Court inagwirizana na majisitireti. Gawo 20 la Konsityushoni, limene limateteza ufulu wa kulankhula, lili m'buku lomwelo limene mawu ake oyamba amati Zambia ni dziko la Cikhristu. Oweruza sanauze munthu aliyense kuti asinthe cikhulupiriro cake. Anangokana kuti munthu amangidwe cifukwa ca maganizo amene wakamba. Zinatenga zaka ziwiri za kupita na kubwera ku khoti kuti zimenezi zimveke.

Mungapitirize kukhulupirira zimene abusa anu amaphunzitsa. Mungakhale manja ali m'thumba mwana akatsiriza kukamba, mungatuluke mu holo, mungamutsutse pa khomo. Zonsezo ni ufulu wanu, ndipo ni ufulu womwewo umene tikambapo. Cimene tikukanizani ni kusangalala ahedi akagwira waya.

Cifukwa tonse tinakhalapo pa mwambo wa mphoto ku sukulu zathu, dzuwa likuswa mtengo, head boy akuwerenga mawu amene anamulembera aphunzitsi a Cizungu: kuthokoza mlendo wolemekezeka, kuthokoza PTA, kulonjeza kulimbikira. Za matoileti opanda madzi mulibe. Za ndalama za minibasi ya sukulu imene palibe anaionapo mulibe. Ndipo caka cina padzaimirira head girl amene adzafuna kupinda pepalalo n'kukamba za mphunzitsi amene amaitana atsikana ku ofesi anzawo atapita kunyumba. Ahedi adzakhala pafupi na waya, na zifukwa zomwezi: si tsiku lake, si malo ake, ni nkhani yocititsa manyazi, pali alendo.