Tizibweretsa zosoka, osati zitenje chabe

Anzanga a geni muno m'gulu, ambirife tikapita kumudzi timabwerako ndi masutukesi odzaza zitenje za ku Limbe, n'kumagulitsa kuno ku Mirrabooka kuti "katundu wa ku Malawi". Koma zotchipa zambiri zija ndi poliyesita wa ku China ndi ku India. Poliyesita amachokera ku mafuta, ndipo kwathu sitipanga ulusi wake. Ngakhale David Whitehead ya ku Blantyre, imene idagulitsidwa mu 2003 n'kukhala Mapeto, maziko ake adali thonje. Ndiye dziko lataya madola kugula nsaluyo, ife n'kuikweza ndege kubwera nayo kuno, pomwe ya ku China imatsika pa sitima ku Fremantle konkuno. Malawi wapindulapo chiyani pamenepa?

Ena mumati msonkho utithandiza. Zoona, kuyambira 2003 Australia salipiritsa duty pa katundu wa mayiko osaukitsitsa, Malawi ali m'gulumo. Koma China nayo ili ndi mgwirizano wake wa 2015, zovala zake zimalowanso mwaulere. Pa mtengo, iwalani, sitingawathe. Komanso nsalu yongodutsa pa Limbe siisanduka ya ku Malawi pamaso pa kasitomu. Pamafunika ntchito yeniyeni ichitikire kwathuko.

Ntchito imeneyo ndi ya atelala. Bangladesh imagula kunja thonje lake lambiri, koma imagulitsa zovala zosokasoka, ndalama ili pa makina osokera. Kuno kusoketsa diresi limodzi ndi ndalama zoti umayamba wakhala pansi. Chikhalirecho anzathu a ku South Sudan, Congo ndi Burundi a ku Balga ndi Girrawheen amafuna zovala za ukwati ndi za kwaya pafupipafupi. Poliyesita wonyozekayu pa zimenezi ndi dolo: sachedwa kuuma, sakwinyika msanga, zikwama ndi maepuloni ake amalimba.

Chomwe chimatigwetsa ndi saizi. Madiresi khumi olembedwa 12, onse osiyana! Kasitomala wa kuno akabweza kamodzi, basi sabweranso. Lebulo nayonso si yokongoletsa ayi, lamulo limafuna malangizo a kachapidwe ndi dziko lomwe chovalacho chasokedwera.

Ine ndikuti tisonkhane anthu asanu, tipeze shopu imodzi ya atelala ku Blantyre kapena Lilongwe, tiitumizire miyeso ya ku Australia, isoke kaye zitsanzo tizione. Zikatikhutiritsa, oda ikhale imodzi, ndalama yonyamulira tigawane. Ofuna, lembani dzina ndi mtundu wa katundu amene makasitomala anu amafunsa kwambiri.