Tisanalandire Vaneti Yamagetsi, Tifunse: Ikapindika Adzaiwongola Ndani?

Kuyambira mu 2024, pamene boma la Zambia linachotsa msonkho wa kasitomu pa magalimoto oyendera magetsi, nkhani ya magalimotowa yafika m'makomiti a mafamu, m'mabungwe a alimi ndi m'makalata a abwenzi amene amathandiza ntchito ngati yathuyi. Mafunso amene amamveka kawirikawiri ndi awiri: batire ikadzaza imayenda mtunda wotani, ndipo idzatchajidwa kuti? Mafunsowa ndi oyenera. Koma lilipo lachitatu limene silifunsidwa, ndipo ife tikuliika patsogolo: bodi ya galimotoyo ikapindika, adzaiwongola ndani, ndi zida zotani, pa mtengo wanji? Maganizo athu ndi akuti famu kapena sukulu ya ulimi isalandire vaneti yamagetsi, yogula ngakhale yamphatso, yankho la funsoli lisanapezeke.

Aliyense amene wagwirapo ntchito pa famu akudziwa moyo wa vaneti. Imanyamula matumba a fetereza ndi a soya, migolo ya madzi, makasu, nkhuni ndi mbuzi. Imadutsa m'misewu yafumbi yopita ku Damu la Mulungushi, mmene miyala imaulukira kunsi kwake ndipo nthambi zimakanda m'mbali mwake. Ng'ombe imatsamira chitseko, ngolo imagunda kumbuyo, wophunzira woyendetsa amakhudza mzati wa geti. Pa famu kupindika kwa bodi si ngozi yodabwitsa. Ndi gawo la ntchito, monga kutha kwa khasu. Choncho kulimba kwa vaneti sikuyesedwa pa tsiku loigula. Kumayesedwa pa tsiku limene yapindika ndipo mawa lake ikufunika kumunda.

Mavaneti amene tinawazolowera, monga Toyota Hilux ndi Isuzu D-Max, ali ndi ubwino umene sitimaulabadira chifukwa chozolowera. Bodi yake ndi ya chitsulo wamba, chimene chimamvera nyundo. Mmisiri amaika chitsulo chochirikiza kuseri, n'kumagogoda pang'onopang'ono mpaka malo opindikawo abwerere. Akafuna amatenthetsa, amawotcherera, amadzaza ndi kupaka penti. Komanso mutu wa galimoto ndi bokosi lonyamulira katundu ndi zigawo ziwiri zosiyana, zomangidwa ndi mabawuti pa chasisi. Bokosi likawonongeka limachotsedwa lokha, mutu osakhudzidwa. N'chifukwa chake mmisiri wa m'tauni ya Kabwe, wokhala ndi nyundo, jeke ndi makina owotcherera, amaukitsa galimoto imene kwina akanaitaya.

Magalimoto amagetsi amanyamula batire yolemera makilogalamu mazanamazana, motero opanga amafunafuna njira zopeputsira bodi kapena kuimanga mwa mtundu wina. Njira yoyamba ndi aluminiyamu. Kampani ya Ford inayamba kupanga bodi ya F-150 ndi aluminiyamu pa magalimoto a 2015, ndipo F-150 Lightning yamagetsi, imene inatuluka mu 2022, inatengera bodi yomweyo. Aluminiyamu sachita dzimbiri monga chitsulo, koma akapindika sabwerera msanga, ndipo akamenyedwa kwambiri amauma n'kung'ambika. Amasungunuka pa madigiri 660, pamene chitsulo chimapirira kupitirira 1,400, ndipo safiira asanasungunuke. Mmisiri wozolowera kuweruza kutentha ndi maso amangoona bowo latseguka. Fumbi la chitsulo likagwera pa aluminiyamu limayambitsa kudyeka, kotero pamafunika zida zapadera ndi malo apadera. Zigawo zambiri sizilumikizidwa mowotcherera koma ndi maliveti ndi guluu wapadera. Mu 2015 bungwe la ku America la Insurance Institute for Highway Safety linagunditsa F-150 ya aluminiyamu ndi ya chitsulo pa liwiro lochepa, ndipo linapeza kuti kukonza ya aluminiyamu kunakwera mtengo ndi 26 peresenti.

Njira yachiwiri ndi chitsulo chosachita dzimbiri. Pamene kampani ya Tesla inaonetsa Cybertruck mu November 2019, chitseko chake chinamenyedwa ndi nyundo yaikulu pamaso pa anthu ndipo sichinapindike. Ambiri anagoma. Koma chimene chimakana kupindika chimakananso kuwongoka. Bodi ya galimotoyi ilibe penti, motero palibe pobisa chilema: sungadzaze phala n'kupaka utoto pamwamba. Chigawo chikakwinyika kwambiri, njira yodziwika ndi kuchichotsa n'kuitanitsa china. Ndipo mu March 2025 kampaniyo inaitanitsa magalimotowa oposa 46,000 kuti akakonzedwe, chifukwa kachigawo ka m'mbali mwa galasi lakutsogolo, komatidwa ndi guluu, kankatha kumatuka galimoto ili pa ulendo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Njira yachitatu ndi kumanga mutu ndi bokosi kukhala thupi limodzi. Rivian R1T, imene inayamba kugulitsidwa mu 2021, ili ndi chigawo cha m'mbali chimene chimayambira kumbuyo kwa bokosi mpaka kukafika kudenga. Mu 2023 inamveka nkhani ya R1T ina ku Ohio imene inagundidwa pang'ono kumbuyo, koma mtengo woikonza unapitirira madola 40,000, chifukwa pofuna kufikira chigawo chopindikacho panafunika kumasula mbali yaikulu ya galimoto. Zimenezo zinachitika m'dziko mmene galimotoyo imapangidwira. Nanga kuno, kumene chigawo chotere chingadikiridwe miyezi kuchokera ku doko la Dar es Salaam kapena Durban, vaneti ili chiimire ndipo mbewu zikudikira kumunda?

Chachikulu koposa ndi chitetezo cha mmisiri. Batire ya vaneti yamagetsi imayala kunsi kwa galimoto, ndipo mphamvu yake imafika mavoti 400, pena 800. Mawaya onyamula mphamvuyi amakutidwa ndi mtundu wa lalanje kuti achenjeze munthu. Mmisiri wosaphunzitsidwa akayatsa moto wowotcherera pafupi ndi batire, kapena akaika jeke pamalo osayenera, akhoza kufa kapena kuyatsa moto wovuta kuzimitsa. Batire imene yagundidwa ndi mwala ikhoza kuoneka bwino lero n'kuyaka patapita masiku. Chilema chimene pa Hilux yakale chikanangosekedwa, pa bokosi la batire chikhoza kukhala chifukwa chotayira galimoto yonse. Ngakhale bampala ya masiku ano imakhala ndi makamera ndi timakina toyeza mtunda, zimene ziyenera kuchunidwanso ndi kompyuta zikasunthidwa.

Alipo amene angatitsutse, ndipo mfundo zawo sitizipeputsa. Adzati mota yamagetsi ili ndi ziwalo zoyenda zochepa, sifuna kusintha oyilo wa injini, ndipo famu yokhala ndi masola ikhoza kupulumutsa ndalama zambiri za dizilo. N'zoona. Chilala cha 2024, chimene chinachepetsa madzi ku Kariba ndi kutisiya mumdima maola ambiri pa tsiku, chinakakamiza ambiri kuika masola, ndipo amene ali nawo angakonde kuti dzuwa lomwelo liyendetsenso galimoto. Adzatinso magalimoto atatu tatchulawa amapangidwa ndi chiwongolero cha kumanzere ndipo sangachuluke kuno. Izinso n'zoona: amene angatifikire msanga ndi ochokera ku China, Thailand ndi South Africa, monga BYD Shark 6, imene imaphatikiza petulo ndi magetsi, kapena D-Max yamagetsi imene Isuzu inayamba kupanga mu 2025. Koma zimenezi zikulimbitsa mfundo yathu. Popeza mavaneti amagetsi samangidwa mofanana, wogula ali ndi mwayi wosankha, ndipo asankhe imene ingakonzedwe kwawo. Ena adzati kupindika ndi nkhani ya maonekedwe chabe. Ayi. Chitseko chopindika chimalowetsa fumbi ndi madzi, chitseko cha bokosi chosatseka chimagwetsa matumba mumsewu, ndipo penti yosweka imaitana dzimbiri.

Dera lathu si lachilendo ku magetsi kapena ku umisiri. Damu la Mulungushi linatsegulidwa mu 1925 kuti lipereke magetsi ku mgodi wa Broken Hill, ndipo mpaka lero likugwira ntchito. Malo okonzera sitima za pamtunda a Zambia Railways ku Kabwe analera mibadwo ya amisiri a zitsulo. Koma tauni yomweyi ikudziwanso mtengo wa chuma chimene chimabwera popanda woganizira mathero ake: mgodi unatsekedwa mu 1994, koma mtovu udakali m'dothi ndi m'magazi a ana. Vaneti yotayidwa chifukwa chosowa woiwongola imasiya batire yake kuseri kwa galaji, ndipo tiyenera kudziwa amene adzaichotsa. Mu April 2022 Zambia ndi Democratic Republic of Congo anasainirana pangano logwirira pamodzi ntchito yopanga mabatire a magalimoto amagetsi. Zingakhale zamanyazi kuti dziko lokumba mkuwa wa magalimotowa lilephere kuwongola chitseko chake.

Tsono tikupempha zinthu zitatu. Choyamba, makomiti ogula afunse wogulitsa, ndipo mayankho alembedwe: Bodi ndi ya chitsulo chanji? Bokosi limamasuka palokha? Chitseko, bampala ndi nyali zili m'sitolo ku Lusaka kapena ku Ndola, pa mtengo wanji? Kunsi kwa batire kuli chotchinga cholimba? Galaji yovomerezeka yapafupi ili kuti, ndipo kampani ya inshuwalansi ikuvomera kulipira zotani? Safunsa anadya phula. Chachiwiri, abwenzi otithandiza akafuna kupereka galimoto yotere, aikepo gawo la ndalama za zida ndi maphunziro a amisiri. Mphatso imene ingaime chaka chathunthu chifukwa cha chigawo chimodzi imasanduka katundu wolemetsa woilandira. Chachitatu, bungwe la TEVETA, pamodzi ndi masukulu monga Kabwe Institute of Technology ndi malo ophunzitsira ngati athu ano, aonetsetse kuti wophunzira aliyense wowongola magalimoto akudziwa kugwira aluminiyamu, kuzimitsa mphamvu ya batire asanayambe ntchito, ndi kuzindikira pamene ayenera kuika nyundo pansi n'kuitana wodziwa.

Vaneti yamagetsi idzafika pa mafamu a ku Mulungushi, ndipo tidzailandira. Chimene tikufuna n'chakuti ikadzafika, idzapeze mnyamata kapena mtsikana wa kuno amene angaiwongole Lachiwiri, kuti Lachitatu inyamule mbewu.