Mkaka wa Mapicesi Uposa Zakumwa za m'Botolo

Anthu ambili pokaona odwala amawagulila zakumwa za m'botolo, zomwe ndi madzi ndi shuga cabe. Ndalama yomweyo ingagule mkaka ndi mapicesi, cakumwa comanga thupi.

Kapangidwe kake nkosavuta. Mai atsuke mapicesi 2 akupsa bwino, asende, acotse njele, awaphwanye ndi supuni. Akatelo athilemo kapu imodzi ya mkaka wozizila ndi kupukusa mpaka thovu. Shuga safunika.

Koma mkaka wocokela kukhola uyenela kuwilitsidwa coyamba, cifukwa wosawilitsa umafalitsa TB ya ng'ombe ndi brucellosis. Tizilombo take sitioneka ndi maso. Cakumwaci cimwedwe nthawi yomweyo, popeza kukatentha mkaka umasasa msanga. Mwana wosakwana caka cimodzi asapatsidwe, apitilize kuyamwa.