Macbeth akumuloweza, koma kuwerenga kukuwavuta

Chaka chilichonse zotsatira za mayeso a MSCE zikatuluka, pamapezeka ophunzira amene akhoza masamu, zaulimi ndi Chichewa, koma satifiketi osaiona. Chowagwetsa chimakhala Chingerezi. Malamulo a bungwe loyendetsa mayeso la Maneb ndi akuti wophunzira akhoze maphunziro osachepera 6, ndipo Chingerezi chikhale m'gulumo. Wofuna malo kusukulu zaukachenjede za boma amayeneranso kupeza kirediti m'Chingerezicho. Motero phunziro limodzi lingathe kutsekera khomo mwana amene wakhala pasukulu zaka 12.

Mayesowa ali ndi malamulo a chiyankhulo, chimangirizo, kumvetsa nkhani, chifupikitso ndi mafunso ochokera m'mabuku osankhidwa. Mbali zambiri mwana wakhama angathe kuzikonzekera poloweza. Kumvetsa nkhani kokha sikulowezeka. Wophunzira amapatsidwa nkhani imene sanaionepo, ndipo amafunsidwa tanthauzo la mawu monga momwe awagwiritsira ntchito m'nkhanimo, kapena chifukwa chimene munthu wachitira chinthu pamene wolemba sanachitchule. Apa ndi pamene pamaonekera mwana amene anazolowera kuwerenga ndi amene amangokopera zolembedwa pabolodi.

Pa mabuku, ophunzira ambiri anapeza njira yachidule: timabuku ta manotsi tomwe timagulitsidwa m'misewu ya Limbe, Lilongwe ndi Mzuzu, ndipo masiku ano timayendanso pa WhatsApp. M'menemo muli chidule cha Macbeth wa William Shakespeare ndi The Pearl wa John Steinbeck, mndandanda wa ampangankhani ndi makhalidwe awo, komanso mfundo zikuluzikulu. Mwana angathe kulowa m'chipinda cha mayeso akudziwa kuti Macbeth anapha mfumu Duncan chifukwa cholakalaka ufumu, chonsecho sanawerengepo tsamba ngakhale limodzi la sewerolo. Funso likabwera monga analiyembekezera, amakhoza. Likangotembenuzidwa pang'ono, amasowa pogwira.

Chomvetsa chisoni n'chakuti The Pearl ndi nkhani imene mwana wa ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay angaimvetse msanga kuposa mnzake wa ku London. Kino ndi mmphawi wodalira nyanja ndi bwato lake. Mwana wake Coyotito atalumidwa ndi chinkhanira, dokotala akukana kumuona chifukwa makolo alibe ndalama. Kino atapeza ngale yamtengo wapatali, ogula akupangana kuti amupatse mtengo wolira. Mlimi amene anagulitsapo chimanga kwa mavenda nthawi yokolola safunika kumufotokozera zimenezi. Koma m'timabuku tija zonsezi zimasanduka mawu awiri oloweza, dyera ndi umphawi, ndipo wophunzira sapatsidwa mpata woti aone yekha momwe wolemba anaimangira nkhaniyo.

Gwero la vutoli lili kupulayimale. Ngakhale lamulo la zamaphunziro la 2013 limati Chingerezi ndicho chiyankhulo chophunzitsira, ana ambiri amaphunzira m'Chichewa mpaka Sitandade 4, kenaka mabuku a Sitandade 5 amawapeza ali m'Chingerezi asanachigwire bwino. Chiyambire maphunziro aulere a kupulayimale mu 1994, makalasi anadzaza kuposa momwe aphunzitsi ndi mabuku anachulukira. Kafukufuku wa SACMEQ wa 2007 anaika ana a Sitandade 6 a m'Malawi pakati pa otsalira kwambiri pa kuwerenga m'maiko a kummwera ndi kummawa kwa Africa. Boma linayambitsa ndondomeko yolimbikitsa kuwerenga ya National Reading Programme mu 2016, yolunjika Sitandade 1 mpaka 4, ndipo zipatso zake pa MSCE zioneka ana oyambawo akafika Folomu 4.

Kusekondale kusiyana kumakula. M'sukulu zambiri zoyendera za CDSS, buku limodzi limagwiridwa ndi ophunzira angapo, ndipo laibulale, komwe ilipo, imakhala kabati yokhomedwa m'ofesi ya mphunzitsi wamkulu. Mphunzitsi wa kalasi ya ana ochuluka, amenenso akuthamangitsana ndi silabasi, amasankha kulembetsa manotsi. N'kovuta kumudzudzula, pakuti iyenso amayesedwa ndi chiwerengero cha okhoza.

Ena amati lamulo lakuti wolephera Chingerezi walephera mayeso onse lichotsedwe. Madandaulo awo ndi omveka, koma kuchotsa lamulolo sikungachize nthendayi. Mafunso a sayansi, mbiri yakale ndi jogalafe amafunsidwa m'Chingerezi chomwecho, ndipo mwana wosamvetsa ndime imodzi ya nkhani amataya malikisi konsekonse, kungoti kumeneko zimabisika.

Funso loyenera a Malawi Institute of Education ku Domasi, amene amakonza silabasi, ndi la mabuku ofikira ana. Chingerezi cha Macbeth n'cha zaka zoposa 400 zapitazo, ndipo chimavuta ngakhale eni ake chiyankhulocho. Shakespeare angathe kukhalabe pasilabasi, koma wophunzira amafunika kufika kwa iye atadutsa m'mabuku ena ambiri osavuta, kuphatikizapo a alembi a kuno monga Smouldering Charcoal wa Tiyambe Zeleza, amene kale ankaphunzitsidwa pa MSCE. Zimenezi zimalira ndalama zogulira mabuku oti mwana aliyense atengere kunyumba, ndi ola loikika pandandanda wa maphunziro loti kalasi yonse ikhale chete n'kumawerenga, kuyambira Folomu 1.