Wotsalira M'mbuyo Ndiye Mwini Ulendo

Mvula ikaleka ndi njira zikauma, ana a sukulu amayamba kupempha aphunzitsi ao kuti akakwere phiri. A ku Chipata ali nalo phiri la Kanjala pafupi ndi mzinda, ndipo a ku Katete ali ndi mapiri a Mphangwe. Ulendo wotere ndi wabwino ndithu, pakuti mwana amene waona dziko lace ali pamwamba saiwala msanga mitsinje ndi midzi imene anangoiona pa mapu. Koma pali khalidwe limodzi limene limaononga maulendo ambiri, ndipo ana amaliyesa kulimba mtima.

Khalidwelo ndi ili: anyamata amphamvu amathamangira kutsogolo kuti akayambe ndi iwo kufika pa nsonga. Akafika amaimirira pa thanthwe, naseka anzao amene ali kupuma m'munsi. Uku si kulimba mtima konse, ndi kupusa. Mwendo wa wothamanga umagumula miyala, ndipo mwala wogubuduzika susankha mutu. Gulu likaduka pakati, mphunzitsi mmodzi sangathe kuona mbali zonse ziwiri. Wotsalira naye, poopa kusekedwa, amabisa kutopa kwace mpaka agwe. Cifukwa cace liwiro la gulu liyenera kukhala liwiro la mwana wofooka koposa onse. Wamkulu mmodzi atsogole, wina atsirize, ndipo ana awerengedwe ponyamuka, popuma, pa nsonga ndi potsika. Akulu anati kuyenda awiri si mantha. Mwana asapatukire yekha kuthengo, ngakhale kukadzithandiza, osanena.

Ena adzati, “Nanga ulendo wa malamulo ambiri cotere ukoma bwanji?” Funso limeneli liri ndi nzeru, pakuti ulendo wopanda nyimbo ndi kuseka ndi cilango cabe. Koma phiri liri ndi eni ace amene samvera belu la sukulu. Mphiri siithawa ikamva mapazi. Imangogona duu m'masamba ouma, ndipo wopenya kumwamba amaiponda. Njuci zimamanga m'ming'alu ya matanthwe, ndipo mwala umodzi woponyedwa mwa masewera ukhoza kubalalitsa gulu lonse pamalo otsetsereka. Citedze comwe cimaliza mnyamata wamkulu ngati khanda. Nsapato ku mapazi ndi ndodo m'manja n'zabwino, koma dzanja lisapisidwe m'dzenje kapena pansi pa mwala.

Njoka ikaluma wina, anzace asateme bala ndi lumo, asayamwe ululu, ndipo asamange mwendo zolimba ndi luzi monga anali kucitira kale, pakuti zonsezi zimaonjezera tsoka. Wolumidwayo agone cete, ndipo anyamulidwe kunka naye ku cipatala msanga. Pamenepo ndi pamene anyamata amphamvu aja afunika, ndipo sangathandize kanthu ngati ali kale pa nsonga.

Palinso nkhani ya ulemu. Phiri liri m'dziko la mfumu, tsono aphunzitsi ayambe aonekera kwa anyakwawa ndi kufunsa njira. Safunsa anadya phula. Msitu wa manda sulowedwa ndi alendo. M'mapanga ena, monga a Thandwe m'boma la Chipata ndi Kalemba m'boma la Chadiza, muli zithunzi zimene anthu akale anajambula pa miyala. Mwana wolemba dzina lace ndi khala pamwamba pa zithunzizo aononga cimene palibe angacibwezere. Ndipo moto: m'mwezi wa October udzu uli gwa, ndipo moto umakwera phiri mofulumira kuposa munthu. Wosonkha moto wootcera cimanga auzime ndi dothi mpaka phulusa lizizire.

Madzi akumwa aliyense anyamule ace m'botolo, pakuti pa phiri zitsime n'zosowa ndipo madzi a m'zithaphwi amatsegula m'mimba. Wosokera asayendeyende, akhale pamene alipo, naimbe wezulo kapena mluzu katatu, napume, nabwerezenso. Mitambo ikada ndi bingu likamveka, onse acoke pa nsonga ndipo asabisale pansi pa mtengo woima wokha. Ngakhale kunja kuli bwino, gulu liyambe kutsika dzuwa likangopendeka, cifukwa kuno mdima sucedwa dzuwa litalowa, ndipo miyendo yotopa imaterereka kwambiri potsika kuposa pokwera.