Madzi a tirigu wanthete ndi ndiwo chabe, si mankhwala

M'zaka za m'ma 1930, katswiri wa zaulimi wa m'dziko la America, Charles Schnabel, anayamba kudyetsa nkhuku masamba anthete a tirigu, ndipo anaona kuti zikuikira mazira ambiri. Sanachedwe: anaumitsa masambawo, kuwapera, n'kuyamba kugulitsa ufawo kwa anthu. Umo ndi momwe anayambira malonda a chomwe lero chimalembedwa kuti wheatgrass pamabotolo ndi pa Facebook.

Si mbewu yachilendo ayi. Ndi tirigu yemweyu wa buledi, amene amalimidwanso ku Tsangano m'boma la Ntcheu, kungoti amamumweta patangotha masiku 7 mpaka 10 atamera. Poti mimba ya munthu sigaya udzu, amaufinya n'kumwa madzi ake obiriwirawo.

Zabwino zilimo ndithu: mavitamini A, C, E ndi K, ayironi komanso kashiyamu. Ambiri akumwa madziwa sakudzipweteka. Vuto lagona pa malonjezo amene amabwera nawo.

Amene anawatchukitsa kwambiri ndi mayi Ann Wigmore, obadwira ku Lithuania mu 1909, omwe anatsegula malo a Hippocrates Health Institute mumzinda wa Boston. Mu 1982 boma la Massachusetts linawasumira chifukwa chonena kuti njira zawo zingachotse odwala matenda a shuga pa jakisoni wa insulin. Mu 1988 linawasumiranso atalengeza kuti chakudya china chomwe ankakonza chimachiza Edzi. Kuno kwathu, komwe moyo wa abale ambiri uli pa ma ARV, nkhani yotere si yoimva mopepuka. Munthu mmodzi akasiya mankhwala chifukwa chokhulupirira kapu ya madzi obiriwira, maliro ake sawalira wogulitsa uja.

Otsatsa amakondanso kunena kuti madziwa amawonjezera magazi, ati chifukwa chlorophyll, chomwe chimabiriwitsa masamba, chimafanana ndi chomwe chimafiiritsa magazi. Kufanana kulipo, koma pakati pa chlorophyll pamakhala maginiziyamu pomwe magazi amafuna ayironi, ndipo thupi silisandutsa chimodzi kukhala chinzake.

Kafukufuku wolimbikitsa alipo, koma ndi wochepa. Mu 2002 madokotala a ku Israel anachita kafukufuku pa odwala zilonda za m'matumbo aakulu, ena n'kuwapatsa madziwa tsiku lililonse kwa mwezi umodzi, ndipo kutaya magazi kunachepa. Odwala onse analipo 23 okha. Chiwerengero chimenecho n'chokwana kupempha kafukufuku wina, osati kulembera munthu mankhwala.

Chomvetsa chisoni n'chakuti banja lingataye ndalama pa ufa wochokera kunja pomwe bonongwe, chisoso, nkhwani ndi khwanya zili pamsika pamtengo wozizira, chammwamba chili kuseri kwa nyumba. Akayerekeza kulemera kofanana, madzi a tirigu saposa masamba wamba ngati sipinachi, ndipo pofinya paja zotsalira zothandiza kuti m'mimba muziyenda bwino zimatayidwa.

Wofuna kulima tiriguyu m'mabeseni pakhonde alime, koma asamale nkhungu yomwe imamera m'munsi mwake chinyezi chikachuluka. Poti madziwa amamwedwa osaphika, amayi oyembekezera ndi anthu omwe chitetezo cha m'thupi chatsika ayambe afunsa kuchipatala, chimodzimodzinso omwe amamwa mankhwala a warfarin, chifukwa vitamini K amachepetsa mphamvu ya mankhwalawo.